Akayamba kukumba maziko pamalo okayikitsa mdera lanu, yambirani apa

Mu Lilongwe muno nkhaniyi imayamba mofanana paliponse, kaya ndi ku Area 25, ku 49, ku 36 kapena ku Chilinde. Pamakhala kamalo kamene kakhala kopanda kanthu zaka zambiri, ana amamenyapo mpira, amayi amadutsapo popita kuchigayo, mvula ikagwa madzi amathera pomwepo. Tsiku lina mungoona lole yatsitsa mchenga ndi kwale, mawa lake anyamata akhoma mapolo nkuzunguliza malata, sabata isanathe maziko akumbidwa. Ndiye pa gulupu ya WhatsApp ya mdera mumadzadza mauthenga, wina akuti ndi bala, wina akuti ndi filling station, wina akuti mwini wake ndi bwana wamkulu kwambiri tisayerekeze nkomwe, kenako onse zii, chinyumba chija mpaka pa lintala mpaka denga.

Ine zimandiwawa chifukwa nthawi imene timathera kulalata pa foni ndi nthawi yomweyo imene zinthu zikanatheka kuimitsidwa. Kuimitsa munthu ali pa maziko sikovuta kwenikweni. Kugwetsa nyumba yoti yatha, muli alendi ndi katundu, ndi nkhondo ya zaka ndipo nthawi zambiri omanga uja amapambana. Mukukumbuka mitengo ya mu Kenyatta ija mu 2021 pamene ankakuza msewu, ambirife tinayamba kufuula mitengo ili kale pansi. Ndiye apa ndikufuna ndilongosole zoyenera kuchita masiku oyambirira aja, mmene ndikuzidziwira.

Choyamba dziwani kuti malo aliwonse mumzinda muno ali ndi ntchito yake pa pepala

Lilongwe sanangomera yekha. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation (CCDC) mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Ma Area amene timatchulawa anachokera mu pulani imeneyo ndipo malo aliwonse anapatsidwa ntchito, Kanengo mafakitale, Capital Hill maofesi a boma, Area 10, 12 ndi 43 nyumba za mapuloti akuluakulu, kwina nyumba zothithikana, kwina misika, masukulu, matchalitchi. Chimene ambiri sadziwa nchakuti malo ena anasiyidwa dala kuti pasamangidwe kanthu, monga mmbali mwa misewu, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, mmbali mwa mitsinje, madambo ndi mabwalo osewerera. Mukaona malo ali tchire musamaganize kuti alibe ntchito, ntchito yake ndi imeneyo, kuti madzi apeze podutsa ndipo msewu udzapeze pokulira. Mu 2010 a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, anathandiza kukonza master plan ina yoyang'ana mpaka 2030. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndiye mukhoza kuona nokha mmene malo avutira, aliyense akufuna puloti, madobadoba ali pakona iliyonse, ndipo malo osiyidwa dala aja ndi amene amayamba kudyedwa.

Eni malo mumzinda muno si mmodzi, apa mpamene anthu ambiri amasochera nkumakagogoda pakhomo polakwika. Malo ena ali mmanja mwa Unduna wa za Malo, ena a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ndipo pali enanso a anthu ndi makampani amene ali ndi mapepala awoawo. Musanalembe kalata iliyonse fufuzani kuti dera lanu linagawidwa ndi ndani. Njira yachidule ndiyoti muone mapepala a nyumba yanu kapena mufunse alandilodi, amene anapereka puloti yanuyo nthawi zambiri ndi amenenso ali ndi mapu a dera lonselo. Pezani nambala ya puloti yoyandikana ndi malo akumangidwawo, chifukwa ku ofesi mukangonena kuti kuseri kwa chigayo pafupi ndi mtengo wa mango palibe angakuthandizeni. Ngati malowo ali ndi title, nambala yake imakhala ndi dzina ngati Bwaila kapena Alimaunde kenako nambala ya Area ndi ya puloti, ndipo ndi nambala imeneyo mukhoza kupita ku Lands kukapanga search, mumalipira kandalama, mutenge lisiti la boma, nkuona dzina la mwini wake weniweni. Likulu la undunawu lili ku Zowe House ku City Centre, akakulozerani ofesi yoyenera.

Kukhala ndi malo ndi kwina, kuloledwa kumanga ndi kwinanso

Apa gwirani bwino chifukwa omanga ambiri amatiopseza ndi pepala limodzi. Munthu akhoza kukhala ndi offer letter kapena lizi ya zaka 99 yeniyeni, yosabera, koma zimenezo sizikutanthauza kuti angamange chilichonse chimene wafuna. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa mmalo mwa lakale lija la Town and Country Planning Act, limafuna kuti usanamange upereke pulani ndipo ivomerezedwe. Mumzinda muno mapulani amapita ku khonsolo, ku Civic Offices, ndipo komiti yoona za mapulani ndi imene imavomereza kapena kukana. Pulani yovomerezeka imakhala ndi chidindo ndi deti. Ndiye ngati puloti ndi ya nyumba yokhalamo koma munthu akufuna kuikapo bala, loji, sukulu, galaja kapena shopu yaikulu, akuyenera kupempha change of use, chilolezo chosintha ntchito ya malo, ndipo iyi ndi nkhani imene imakukhudzani inu oyandikana nawo mwachindunji chifukwa phokoso, magalimoto, fungo ndi madzi oipa adzabwera pakhomo panu.

Pamwamba pa zimenezo bizinesi iliyonse ili ndi ziphaso zake. Mowa umafuna laisensi ya kukhonsolo. Malo omwetsera mafuta amafuna chilolezo cha MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi. Ntchito zikuluzikulu kapena zokhudza mtsinje ndi dambo zimayenera kudutsa ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe limene linabwera ndi lamulo la Environment Management Act la 2017, ndipo pounika mmene ntchito ikhudzire chilengedwe anthu okhala pafupi amayenera kufunsidwa maganizo. Ngati palibe anabwera kudzakufunsani, limenelo ndi funso loti mulilembe mkalata.

Pitani pamalopo koma musapite ndi ukali

Musatume anyamata kukazula mapolo usiku, mukatero mlandu umatembenuka, inu ndi amene mumagona kupolisi ndipo omanga uja amaoneka wolakwiridwa. Pitani awiri kapena atatu, masana, pakhale mayi mmodzi kapena bambo wachikulire amene anthu amamulemekeza mderamo. Amene mumupeze pamalopo kawirikawiri si mwini wake, ndi foromani ali ndi tepi mthumba ndi anyamata aganyu okumba, iwowa sanalakwe kanthu akungofuna ya ufa. Mupatseni moni bwinobwino nkunena kuti, achimwene pepani takusokonezani, ife ndi oyandikana nawo, timafuna tidziwe kuti pano pakubwera chani ndipo ngati pulani yovomerezeka ilipo tingaione nawo. Akakuonetsani yang'anani chidindo, deti, nambala ya puloti ndi chimene chajambulidwa, chifukwa zimachitika kuti pa pepala pali nyumba ya zipinda zitatu koma pansi akumba maziko a chinthu chachitali kuyambira kumpanda mpaka kumpanda. Akati mapepala ali ndi abwana, pemphani nambala ya abwanawo, musakangane naye.

Kenako jambulani muli mumsewu, osalowa mkati mwa mpanda wa eni. Jambulani mabikoni ngati akuoneka, timiyala ta simenti tija tokhala ndi kachitsulo pakati, jambulani mtunda wochoka pa maziko kufika pamsewu kapena pa ngalande, ndipo ngati atseka njira ya madzi jambulani mvula ikagwa madzi ali mbwee pakhomo pa anthu. Chithunzi chimodzi cha madzi akulowa mkhitchini mwa munthu chimagwira ntchito kuposa masamba asanu a madandaulo. Muzijambula masiku angapo motsatana kuti zizioneka mmene ntchito ikuthamangira.

Kalata, osati foni

Ili ndiye gawo limene anthu amalinyozera koma ndi limene limagwira. Kuimbira foni munthu amene mumamudziwa ku ofesi sikusiya umboni uliwonse, mawa akhoza kunena kuti sanamvepo. Lembani kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo, Chief Executive Officer, ndipo makope apite kwa oyang'anira za mapulani, kwa a khansala a wodi yanu ndi kwa eni malo aja, kaya ndi Lands kaya ndi Housing. Ikhale yaifupi, tsamba limodzi basi. Nenani kuti ndinu ndani, malo ali pati, ntchito inayamba liti, mwaona chani, kenako funsani mafunso olunjika: malo amenewa pa mapu anaikidwa kuti ndi a chani, kodi pulani inavomerezedwa ndipo liti, kodi panali change of use, ndipo ngati palibe chilolezo tikupempha kuti mubwere mudzayendere nkupereka stop notice, chikalata choimitsa ntchito. Musalembemo mphekesera zoti wakutiwakuti anadya ndalama ngati mulibe umboni, zimenezo zimangopatsa anthu chifukwa chokutengerani kukhoti ndi kuiwalitsa nkhani yeniyeni.

Musainire ambiri, dzina, nambala ya nyumba ndi siginecha. Alendi nawonso asaine, musawasiye kunja ngati kuti iwo phokoso silimawafika, mmadera ambiri muno alendi ndi amene ali ochuluka ndipo ndi amene amavotanso pomwepo. Mukakapereka tengani makope awiri, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cholandirira ndi deti nkubwerera nayo kunyumba. Kope ya chidindo imeneyo muisunge ngati chiphaso cha sukulu, ijambuleninso pa foni, chifukwa kulikonse mudzapite kutsogolo funso loyamba lidzakhala lakuti munawauza a khonsolo, nanga umboni uli kuti.

Akakhala chete, pali lamulo la Access to Information la 2017 limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limakupatsani ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, khonsolo ili momwemo, ndipo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Lembani pempho lanu kwa information officer wa pamenepo, tchulani lamulolo, pemphani chinthu chenicheni monga kope ya chilolezo cha puloti yakuti kapena chiganizo cha komiti pa puloti imeneyo. Amene amayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa ndi a Malawi Human Rights Commission, ndiye akakukanizani popanda chifukwa muli ndi kokadandaula.

Tsopano ndale zake

Tisanamizane, nkhani za malo mu Lilongwe zili ndi ndale mkati, ndiye muyenera kudziwa kuti ndani ali ndi mphamvu yanji. Makhonsolo amayenda ndi lamulo la Local Government Act la 1998. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, zaka zonsezo panalibe munthu wosankhidwa ndi ife woyang'anira zochitika kukhonsolo, ndipo ine ndimaona kuti chizolowezi chathu chothamangira kwa a MP pa chilichonse, olo ngalande yatsekeka, chinakula nthawi imeneyo. Koma nkhani ya puloti, msika, zinyalala, ngalande ndi misewu ya mmakwalala ndi ya khonsolo, munthu wanu woyamba ndi khansala. Meya amasankhidwa kuchokera pakati pa makhansala, ndipo makhansalawo amakhala mmakomiti, amavomereza bajeti ndipo ali ndi ufulu wofunsa ogwira ntchito kukhonsolo mafunso pa msonkhano, pamene ntchito ya tsiku ndi tsiku imayendetsedwa ndi CEO ndi madayirekitala ake.

Khansala payekha sagawa puloti ndipo savomereza pulani. Wina akakuuzani kuti malo awa anatipatsa ndi a khansala kapena a chipani, dziwani kuti pamenepo palibe pepala. Koma khansala akhoza kuitenga nkhani yanu nkukaiika pa tebulo, ndipo zimenezo nzimene mukufuna. Aitaneni abwere adzaone okha, Loweruka masana anthu ali pakhomo, muwalandire mwaulemu olo munavotera wina. Nenani kuti, a khansala, ife anthu anu tabwera ndi nkhawa iyi, kalata tinapereka tsiku lakuti kope yake ndi iyi, tikupempha mukatifunsire ndipo mutiuze tsiku loti tidzamve yankho. Wina alembe zimene alonjeza ndipo muwawerengere asananyamuke. Chipani musachilowetsemo ngakhale pang'ono, pa gulupu pakangoyamba zoti awa ndi a chipani chakuti nchifukwa chake, theka la anthu limatuluka ndipo nkhani imafera pomwepo. Madzi osefukira safunsa kuti munavotera ndani, ndiye komiti yanu ikhale ya anthu osiyanasiyana dala.

Funsaninso za komiti ya chitukuko ya wodi yanu, kuti ndani alimo ndipo amakumana liti. Mmakomiti amenewa ndi mmene mumatuluka mndandanda wa zimene dera likufuna, kaya mlatho, kaya kalavati, kaya mijigo, ndipo nthawi zambiri mumakhala anthu omweomwewo chifukwa enafe sitipita. A MP auzeni, apatseni kope, makamaka ngati nkhani ikukhudza unduna, koma musasiye khonsolo nkumadikira iwo.

Za mafumu a mtauni ndi ma block leader ndinene mosamala chifukwa amatithandiza kwambiri, pamaliro, pamilandu ya mmakomo, ngakhale posonkhanitsa anthu palibe amawaposa. Yambani ndi iwo, pitani kwa iwo mwaulemu wake, a mfumu akakhala mbali yanu msonkhano umadzadza. Koma kalata ya a mfumu si title deed ndipo si chilolezo chomangira, ndipo nthawi zina mupeza kuti amene anachitira umboni pogulitsa dambo lija ndi iwo omwe. Zikatero musawachititse manyazi pagulu, ingopitirizani ndi njira ya mapepala.

Akapereka stop notice musagone

Khonsolo ikabwera nkupeza kuti palibe chilolezo imapereka chikalata choimitsa ntchito, ndipo ikhoza kulamula kuti chomangidwacho chigwetsedwe. Vuto ndi lakuti omanga ena amangosintha nthawi, amayamba kumanga usiku ndi Lamulungu kuti pofika Lolemba khoma lakwera. Ndiye gawanani, amene ali pafupi azijambula, ndipo tsiku lomwelo lembani kakalata kena kotchula kalata yoyamba ija nkunena kuti ntchito ikupitirira. Muzipita ku ofesi mosinthana kuti asatope munthu mmodzi komanso kuti asamamuloze chala mmodzi yekhayo, mutu umodzi susenza denga. Mukaona kuti ofesi ikungokuzungulitsani miyezi, ofesi ya Ombudsman ilipo pa nkhani za kusayendetsa bwino ntchito za boma ndipo kudandaula kumeneko ndi kwaulere. Ngati muli ndi umboni weniweni wa ziphuphu, wina wakupemphani kangachepe kapena mwaona mapepala awiri a puloti imodzi, imeneyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Atolankhani amathandiza koma apatseni mapepala ndi zithunzi, osati mkwiyo wokha.

Khoti likhale lomaliza koma musaliope. Loya akhoza kukupempherani injunction yoimitsa ntchito, kungoti dziwani kuti khoti limatha kukufunsani kulonjeza kuti mudzalipira zimene winayo wataya ngati mutapezeka kuti munamuimitsa popanda chifukwa, nchifukwa chake search ija ndi makalata aja ziyenera kukhala zokwanira musanafike kumeneko. Amene alibe ndalama ya loya akayambe ku Legal Aid Bureau. Ndipo zoti anthu wamba sangapambane si zoona. Anthu a ku Area 18 madzi a mmipope atasakanikirana ndi zonyansa za suweji mu 2017 anagwirizana, anapita kukhoti ndipo anapambana. Nkhani ya mkangano wa malo a sukulu ya Livimbo ku Area 2 mu 2019 inatulukira chifukwa anthu sanakhale chete.

Pa za mitsinje pokha ndiye musanyengerere munthu. Amene anaona Lingadzi atasefukira mu February 2017, madzi atalowa mnyumba za anthu ku Mtandire, akudziwa chimene ndikunena. Munthu akathira dothi mu dambo kumtunda nkumanga mpanda wa njerwa, madzi aja sasowa, amapita kwa amene ali kumunsi, ndipo kawirikawiri akumunsiwo ndi anthu a nyumba za zidina amene sangathe kumanganso. Inu a mmadera a mipanda mukamalemba kalata yokhudza mtsinje kapena ngalande yaikulu, tsikirani kumunsi mukawauze anzathuwo asaine nawo, nkhaniyo ndi yawo kuposa inu.

Komanso si chomangidwa chilichonse chimene chili choipa, mzinda ukukula ndipo tikufuna mashopu, zipatala zazing'ono ndi masukulu pafupi. Mukafufuza nkupeza kuti munthu ali ndi mapepala onse, malo ndi akedi ndipo ntchito yake ikugwirizana ndi mapu, musapitirize kulimbana naye chifukwa cha kaduka. Khalani naye pansi pamaso pa a khansala mukambirane zinthu zenizeni, madzi a padenga ndi pabwalo lake apita kuti, magalimoto a makasitomala aima pati, jenereta aika mbali iti, nyimbo zizitha nthawi yanji, njira ya anthu oyenda pansi aisiya kapena ayi, malole ake akaononga msewu akonza ndani. Zimene mwagwirizana zilembedwe, asaine iye, asaine a komiti, a khansala achitire umboni, ndipo kope imodzi ipite kukhonsolo ikalowe mu failo ya puloti imeneyo.